Buku Limene Linakulungira Nsomba

Lachiwiri masana, ana atangoweruka, Gwendolyn Daka anatsikira kumsika wa Kafue Estates atakumbatira kaphukusi kokulungidwa m'nyuzipepala yakale. Lighton Mweemba anali pamalo pake pa masiku onse, pansi pa mtengo wa mango, dengu la nsomba zowamba lili pakaliyala ya njinga. Mayi wina anali atatambasula dzanja kudikira nsomba zake, koma Lighton anali adakawerenga pepala limene anafuna kukulungiramo.

"Imwe, nipaseni nsomba zanga! Moto uzazima ku nyumba," mayiyo anadandaula.

"Yembekezani pang'ono ba mayo, yasala mizere ibili chabe."

"Mizere nizadya?"

Gwendolyn anaseka chogwira pakamwa. Khalidwe lomweli ndi limene linawakumanitsa kumayambiriro kwa chaka chimenecho cha 1973. Iye anali mphunzitsi wa Giredi 5 pasukulu ya pulayimale ya ku Estates, ndipo anali asanaonepo munthu wokonda kuwerenga ngati mnyamata wa kudooko la Chanyanya ameneyu, amene anasiyira sukulu panjira atate ake atamwalira. Anamubwereka buku limodzi. Lighton analibweza patapita masiku atatu ali ndi mafunso ambiri kuposa kalasi yonse. Anamubwereka lachiwiri, kenaka lachitatu. Pofika buku lachisanu ndi chimodzi, mafunso a Lighton sanalinso okhudza mabuku okha.

Vuto linali kunyumba. Atate ake a Gwendolyn, a Ferdinand Daka, anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito panjanji, ndipo tsopano anali kapitawo kufakitale ya feteleza. Iwo ankanena poyera kuti mwana wawo mmodzi yekhayo sanapite ku koleji kuti akakwatiwe ndi wogulitsa nsomba. Munthu amene ankamulandira ndi manja awiri anali Davies Lungu, kalaliki wa kufakitale komweko, wovala tayi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala.

"Ba ticha, mwanibweletsela chani lelo?" Lighton anafunsa mayi uja atachoka.

Gwendolyn anayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula kaphukusi kaja pang'ono. Munali masamba achikasu, opanda chikuto, omangidwa pamodzi ndi kachingwe.

"Ili ndi buku la atate. Anabwera nalo kuchokera ku Chipata m'sutikesi ya malata. Amayi asanamwalire ankatiwerengera limeneli, ndipo ine zilembo ndinaphunzirira momwemu. Ndawapempha sabata yathunthu kuti liikidwe pachionetsero Loweruka. Avomera dzulo."

Chionetsero cha mabukucho chinali maganizo a Gwendolyn, ndipo chinali choyamba pasukulupo. Galimoto ya sitolo ina ya ku Lusaka inali kudzabwera ndi mabuku atsopano, koma iye anafunanso tebulo la mabuku ochokera m'nyumba za makolo, kuti ana aone kuti buku si chinthu chokhomeredwa m'kabati ya ahedi chabe.

"Manje ine nichite nalo chani?"

"Ulisoke. Ndinaona mmene umasokera ukonde, palibe mfundo imene imamasuka. Atate akadzalipeza patebulo lili lolimba, ine ndidzati, 'Amene wasoka ndi uyu.' Tione ngati adzatembenuzenso nkhope."

Lighton anapukuta manja pathalauza kawiri asanalandire.

"Ba tate bako bazaganiza kuti lachoka ku Lusaka," anatero, n'kuika kaphukusiko m'dengu, pakati pa nyuzipepala zina, kuti kasalowe fumbi la mumsewu.

* * *

Lachitatu pa nthawi yopuma, Gwendolyn anauzidwa kuti pachipata pali mlendo wake. Anapeza Lighton malaya ali chonyowa ndi thukuta, maso ali ofiira, m'manja muli masamba ochepa okha.

"Gwen, nalakwa."

"Walakwa chiyani? Buku lili kuti?"

"Nitafika chabe ku nyumba mailo madzulo, banabwela kuniitana ati mvuu yang'amba ukonde. Nasiya njinga na dengu pa khonde, nathamangila ku mtsinje. Nabwelako kwacha." Anayang'ana masamba amene anali m'manja mwake. "Mu dengu muja ndiye mumene niika mapepa yokulungila nsomba masiku yonse. Ba mayo sibaziba kubelenga. Baona mapepa, bamasula kantambo, bakulungila tunsomba twa bazimai bamene bagulitsa kuno ku tauni."

Gwendolyn anagwira chitsulo cha chipata.

"Angati?"

"Yanali fote. Yasala fotini."

"Tsamba loyamba lilipo? Lija lili ndi zolemba za amayi?"

Lighton anapukusa mutu.

Mtsikanayo anakhala pamwala umene unali pambali pa chipata. Anafuna kukalipa, koma sanapeze woti amukalipire. Amayi ake a Lighton anachita zimene amachita m'mawa uliwonse, ndipo pepala la m'dengu la nsomba ntchito yake ndi imodzi.

"Wolakwa ndine," anatero motsitsa mawu. "Atate anandiuza kuti ndipite nalo kusukulu, ine ndinapita nalo kumsika."

"Osalila, Gwen. Nsomba zonse zabwela kuno. Bazimai bamene banatenga ni banayi, nibaziba bonse. Nizayenda nyumba na nyumba."

"Lighton, anthu amayatsira mbaula mapepala amenewo."

"Ndiye niyende manje manje, bakalibe kuyamba kuphika."

Anakwera njinga osatsanzika.

* * *

Madzulo a tsiku lomwelo Gwendolyn anali kukazinga ndiwo pamene anamva mawu a amuna awiri pakhonde. Masana onse anakhala akukonza mawu oti awauze atate ake, koma atatuluka anaona kuti wachedwa. Patebulo panali tsamba lachikasu lonyowa mafuta, ndipo Davies anakhala pambali pake atapingasa miyendo.

"Gwendolyn, muli shani? Ine nenze nifuna chabe lanchi," Davies anayamba, akuwongola tayi. "Nagula kansomba pa geti, natsegula so, naona dzina ya ba Daka. Nati awe, ivi ni va siriyasi, sininganyamule neka."

A Daka sanakweze mawu. Anatembenuza tsambalo ndi chala chimodzi kuti mwana wawo aliwerenge. Pamwamba panali dzina lawo ndi chaka cha 1948. M'munsi munali zilembo zopendekeka za malemu amayi ake: "Gwendolyn wawerenga yekha tsamba ili lero." Mafuta a nsomba anali atadutsa pakati penipeni pa dzina lake.

"Ndinakupatsa buku kuti upite nalo kusukulu. Lakafika bwanji pageti ya fakitale?"

Gwendolyn anagwada n'kufotokoza zonse, osabisa kuti maganizo olisoketsa anali ake.

"Mwamvela ba Daka? Ati mvuu!" Davies anaseka mpaka kudzimenya pantchafu. "Mailo bazakamba ati ng'wena yadya dikishonale."

"Ba Davies, nsombayo munadya, kapena mwabwera nayonso kudzaonetsa?" Gwendolyn anafunsa ali chigwadire.

"Khala chete," atate ake anadula. "Buku ili ndinachoka nalo ku Chipata, ndinasamuka nalo m'makomboni asanu a njanji, chiswe sichinalilawe, mvula siinalinyowetse. Lakhala m'manja mwa mnyamata wakoyo tsiku limodzi lokha. Nanga iweyo ndikakupereka m'manja omwewo, udzatha masiku angati? Usalankhule nayenso. Ndipo Loweruka usandiyembekeze."

Anapinda tsambalo mosamala n'kuliika m'thumba la malaya.

* * *

Lachinayi m'mawa, a Molly, mayi wogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu, anakodola Gwendolyn ndi chala. Anatulutsa phukusi pansi pa nsalu yovindikira beseni.

"Uyu mwamuna wanu azafa na njinga, ba ticha. Mailo anayenda Estates yonse, madzi sanamwe."

M'phukusimo munali masamba ndi kalata yolembedwa ndi pensulo.

"Wokondedwa Gwen,

"Ndikulemba Chinyanja cha m'mabuku chimene unandiphunzitsa. Ukapeza cholakwa usachonge lero, udzachonge izi zikatha. Ndapeza masamba asanu ndi awiri. Limodzi ndinalilanditsa pamwamba pa mbaula, lapsa ngodya chabe. Mayi wina anandithamangitsa ndi mthiko poganiza kuti ndabwera kudzanyenga mwana wake. Azimayi anayi aja andilozera nyumba zimene akukumbukira, koma zina aiwala. Amayi anga sanadye dzulo chifukwa cha manyazi. Ndakutumizira masamba onse amene alipo kuti uwasunge ndiwe, pakuti manja angawa sindikuwakhulupirira. Zimene atate ako anena ndazimva, Davies wadzuka m'mamawa kudzandiuza yekha. Ngakhale asandilandire, buku lawo ndidzawabwezera.

"Ine wako, Lighton."

Gwendolyn anawerenga kalatayo kawiri. Kenaka anayang'ana ana amene ankalowa pachipata m'magulumagulu, ena akunyambita zala za zitumbuwa. Anakumbukira kuti mwana aliyense pamenepo anachoka m'nyumba imene muli khitchini.

Atalowa m'kalasi sanalembe kanthu pabolodi. Anatenga masamba oyambirira amene analipo n'kuyamba kuwerenga mokweza. Inali nkhani ya mtsikana amene anachoka kumudzi wapansi kukafunafuna mlongo wake, yemwe anapita kumigodi osalembanso kalata. Ana amene masiku onse ankayasamula buku likatsegulidwa anakhala duu. Anawerenga mpaka pamene mtsikanayo anafika pamtsinje wodzaza, mwini bwato n'kukana kumuwolotsa. Pomwepo anasiya.

"Ticha, manje anawoloka?" mwana wina anafuula kumbuyo.

"Sindikuuzani."

"Aaa, ticha!"

"Tsamba lotsatira lili m'khitchini mwa mmodzi wa inu. Amene amayi ake anagula nsomba dzulo akayang'ane pepala limene zinabweramo. Mukafunsenso kwa oyandikana nawo nyumba. Mukapemphe mwaulemu, musakalande."

* * *

Lachisanu kalasi ya Giredi 5 inanunkha ngati dooko. Ana anabwera ndi mapepala amafuta odzaza matumba: nyuzipepala, mafomu akale a kufakitale, ngakhale kalata ya chikondi ya munthu wina imene Gwendolyn anailanda msangamsanga. Ana a makalasi ena, atamva nkhaniyo, anabweretsanso awo n'kumapereka pawindo.

Kusankha kunalibe njira yachidule. Pepala lililonse linayenera kuwerengedwa kuti lidziwike ngati ndi la nkhani ya mtsikana uja. Masamba khumi ndi atatu anapezeka, koma manambala a m'munsi anali atafufutika ndi mafuta. Ana anayala masambawo pansi, anagwada mozungulira, n'kumawerenga mzere womaliza wa tsamba lina ndi mzere woyamba wa linzake, akukangana ngati ali pampira.

"Iyo siingabwele apa, iwe! Apa akalibe kufika ku sitesheni!"

Panali mtsikana wina dzina lake Ennie, amene chaka chonse anali asanawerengepo mokweza. Akaitanidwa ankangoyang'ana pansi mpaka misozi. Tsiku limenelo anakankha anyamata awiri, anatola tsamba lina lamafuta, n'kuwerenga ziganizo zitatu osapunthwa.

"Mwaona? Iyi ndiye ikonkapo. Mwini bwato anavomela chifukwa anamupasa mpango wake."

Kalasi inaomba m'manja. Ennie anadzidzimuka ngati wagwidwa akuba, kenaka anaseka. Gwendolyn anatembenukira kubolodi kuti ana asaone nkhope yake. Kwa zaka ziwiri anayesa nyimbo, anayesa mphoto za mapensulo, anayesa ngakhale ukali. Sanaganizepo kuti chimene ana ake ankasowa chinali nkhani yoduka pakati. Mumtima anathokoza aliyense wa iwo, ndi amayi awo amene sanayatsire moto mapepalawo.

Poweruka anapatsira a Molly masamba onse atasanjidwa bwino, pamwamba pali kakalata: "Atate anati ndisalankhule nawe, ndipo sindikulankhula. Soka. Zikomo chifukwa sunathawe."

* * *

Lipenga loweruka litalira kufakitale, Lighton anali ataima kale pafupi ndi geti. Pachiwongolero cha njinga anamangirira chikatoni chimene analembapo ndi khala: AMENE ANAGULA NSOMBA LACHITATU AONE PEPALA. Antchito ankatuluka atavala maovolosi, ena akuseka, ena akupapasa m'matumba.

Mwamuna wina wamtali, dzina lake Lastone, anatulutsa tsamba lopindidwa kanayi.

"Ni iyi? Ninabelenga pa lanchi, nakangiwa kutaya. Manje iwe, uja mtsikana anamupeza mulongo wake olo bwanji?"

"Bwelani mailo, Loweruka, ku sukulu ya ku Estates, muzamvela."

"Nizabwela na bana. Ukaninama nizakufuna."

Ena awiri anaperekanso awo. Kenaka anatulukira Davies, jekete lili paphewa.

"Iwe fishamani, apa si pa dooko. Ukali kufuna chani? Bakukana kalekale."

"Ba Davies, nenze nifuna kukuyamikani," Lighton anayankha modekha. "Pepa imene munapeza ndiye yofunika kupambana yonse. Munthu wina sembe anapukutila manja na kutaya. Zikomo maningi."

Davies anangowongola tayi n'kuyang'ana kumbali. Antchito amene anali pafupi anaseka. Nthawi yomweyo a Daka anatuluka pageti. Anaima pang'ono, anawerenga chikatoni chija, anayang'ana nsapato za Lighton zimene zinali zitatseguka kutsogolo. Lighton anavula chipewa. Iwo anangopitirira ulendo wawo.

* * *

Loweruka galimoto ya ku Lusaka inafika mbandakucha utangotha, ndipo pofika naini koloko matebulo anali atayalidwa pansi pa mitengo ya pabwalo la sukulu. Mabuku atsopano ankanyezimira. Mwini galimotoyo anauza ahedi kuti m'masukulu ena ana amangotsegula kufuna zithunzi, koma kuno ankaima pamzere n'kumawerenga tsamba loyamba mpaka pansi, ena akufunsa ngati nkhaniyo ili ndi mathero ake onse.

Komabe khamu lalikulu linali patebulo la makolo. Pamenepo panali buku la a Daka, litasokedwa ndi ulusi wa ukonde, mfundo zake zazing'ono ndi zofanana, chikuto chake chili cha nsalu ya tenti. Lighton analisokera pabenchi ya a Molly dzuwa likutuluka. Tsopano anaima chapatali pafupi ndi njinga yake, pamodzi ndi amayi ake, a Mainess, amene anaumirira kubwera nawo. Mphaka wa ahedi sanachoke pansi pa tebulolo.

Gwendolyn anaitana Ennie kuti awerenge. Mtsikanayo anakwera pampando n'kuyamba. Ana anakhala pansi. Kumbuyo kwawo kunaima makolo, azimayi anayi ogulitsa nsomba aja, ndi Lastone atanyamula mwana paphewa. Ennie anawolotsa mtsikana wa m'nkhaniyo pamtsinje, anamugoneka m'khumbi la alonda a m'munda, anamufikitsa pasitesheni ya kumigodi. Anatembenuza tsamba n'kuima.

"Apa pasoba mapepa yabili," anatero.

"Awe imwe! Pa sitesheni pamene?" Lastone anafuula. Anthu anang'ung'udza.

Pamenepo kumbuyo kwenikweni kunamveka mawu a munthu wamkulu, odekha, akupitiriza chiganizo chimene Ennie anasiyira. Anthu anatembenuka. A Ferdinand Daka anali ataima pansi pa mtengo, atatsinzina, chipewa chili m'manja. Ananena mmene mtsikanayo anafunsira dzina la mlongo wake kwa munthu aliyense wotsika sitima, mmene anamusekera, ndi mmene pomaliza wonyamula katundu wina wotsimphina anagwetsera thumba atamva dzina la mudzi wawo. Sanaphonye liwu. Ankaima pamalo omwewo pamene malemu mkazi wawo ankaima kuti apume, ndipo Gwendolyn anazindikira zimenezo. Atafika pamene tsamba lotsatira linayambira, anatsegula maso.

"Pitiriza, mwana wanga," anauza Ennie.

Nkhani itatha, m'manja munaombedwa mpaka mbalame zinathawa m'mitengo. Ana anathamangira kumatebulo ena kukafuna nkhani zina. A Daka anayenda pang'onopang'ono kufika patebulo. Ananyamula bukulo, analitsegula pakati, anakoka masamba kuyesa ulusi, analinunkhiza n'kupukusa mutu.

Asanalankhule, a Mainess anafika n'kugwada pafumbi.

"Ba Daka, ndine ninalakwa, osati mwana. Maso nili nayo, koma kuli ine mapepa yonse ni yamodzi."

"Nyamukani, mayi, nyamukani." A Daka anawerama n'kuwagwira dzanja. "Buku ili lakhala m'sutikesi zaka khumi chimwalirire mkazi wanga. Palibe analitsegula, ngakhale ine mwini ndinkaopa. Lero ndamva ana a anthu akulimbirana mawu ake. Woyenera kuthokoza ndine."

"Twalumba, twalumba kapati," mayiyo anathokoza m'chinenero chakwawo, akuomba m'manja mwaulemu.

A Daka anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa tsamba loyamba lija.

"Mnyamata, bwera kuno. Singano uli nayo?"

"Nili nayo, ba tate."

"Ili lisokedwenso pamalo pake. Ndinakuona pageti dzulo, nsapato zitang'ambika. Ndinanena mawu olemera za manja ako, ndipo ndawabweza. Uwauze akwanu atumize ankhoswe. Pakhomo panga mpotsegula."

Gwendolyn anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anafuna kuthamanga, anafuna kugwada, anafuna kukumbatira a Molly amene anali atayamba kale nthungululu. Anangokwanitsa kunena kuti, "Zikomo atate," katatu, liwu lililonse lotsika kuposa linzake. Lighton anayesa kulowetsa ulusi pasingano, koma zala zake zimene sizinkaphonya mfundo zinaphonya kawiri.

* * *

"Sindinathe," a Daka anatero, akumwetulira ngati munthu amene wasunga mphatso yaikulu kumapeto. "Manja otere sayenera kuthera paukonde. Dzulo nditachoka pageti ndinabwerera kukaonana ndi akuluakulu. Kuchipinda chosokera matumba a feteleza kuli malo a munthu mmodzi, ndipo ndawapempha kuti akhale ako. Pakatha chaka udzapatsidwa nyumba kuno ku Estates. Mwana wanga ndi mphunzitsi, sangakakhale kudooko. Lolemba m'mawa ukaonekere ku ofesi kuti akulembe dzina."

Nthungululu ya a Molly inadukira pakati. A Mainess, amene anali atangoimirira, anasiya kukuntha fumbi pachitenje.

"Ba Daka, mwakamba ati chani?"

"Ndati ndamupezera ntchito, mayi. Ntchito yeniyeni."

"Uyu ndiye mwana mwamuna eka pa nyumba. Bwato ya ba tate bake izayenda na ndani? Ine na balongo bake batatu tizadya feteleza?"

"Adzakuthandizani mwezi ukatha, monga amachitira ana a anthu onse."

"Mtsinje siuyembekeza mwezi, ba Daka. Bwato ikankala pa mtunda, malo yathu pa dooko batenga benangu."

Nkhope ya a Daka inabwerera mmene inalili Lachitatu.

"Ine ndanena mawu anga pamaso pa anthu. Lolemba apite kufakitale, Lamlungu lotsatira ankhoswe abwere. Popanda choyambacho, chachiwiricho palibe."

"Atate, chonde, tikambirane kunyumba," Gwendolyn anapempha.

"Takambirana kale."

A Mainess anamanga chitenje chawo mwamphamvu. Anayang'ana Gwendolyn mopanda chidani, kenaka anatembenukira mwana wawo.

"Lighton, ine nayamba kuyenda, uzanipeza mu njila. Koma umvele bwino. Ukangena pa geti ija Mande, ku Chanyanya usabwele futi."

Anadutsa pakati pa ana amene anakhala paudzu aliyense ndi buku lake, n'kutuluka pachipata osacheuka.

Lighton anatsala ataima, singano ili kudzanja lina, tsamba la a Daka kudzanja linalo. Gwendolyn anamuyandikira, osasamalanso za amene ankawaona.

"Lighton, nena kanthu."

Asanayankhe, munthu wina anatsokomola pambali pawo. Anali Davies, amene anaima m'mawa wonse kuseri kwa galimoto ya mabuku. Tsopano nkhope yake inali itawala.

"Kongilachuleshoni, mulamu," anatero, akuwongola tayi. "Ba Daka baiwala chabe kukuuza kuti mu ofesi muja wolemba maina ndine. Seveni koloko shapu. Ine bochedwa sinilemba."